Mmene mungamangire dome ya msasa wanu ku festival kuti ikope anthu komanso isauluke

Chaka chilichonse ikangokwana Ogasiti mafunso amayamba kugwa, ndipo amakhala omwewomwewo. Mapaipi tigule angati? Nsungwi zingagwire? Wina amangotumiza chithunzi cha dome ya ku AfrikaBurn, festival ya ku South Africa, n'kulemba kuti "achimwene, tikufuna ngati iyi, kwatsala masabata awiri." Kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp kwanditopetsa, ndiye ndalemba zonse pano. Wondifunsanso ndizingomulozera kuno.

Tikunena za dome, tenti yooneka ngati dengu lovundikira, imene chigoba chake ndi mapaipi olumikizana m'makona atatuatatu. Anaitchukitsa ndi Buckminster Fuller wa ku America, yemwe analandira patent yake, chikalata cha umwini wa luso, mu 1954, ngakhale Walther Bauersfeld anali atamanga kale yotere ku Jena, ku Germany, m'zaka za m'ma 1920. Ku Burning Man m'chipululu cha Nevada, komanso ku AfrikaBurn imene inayamba mu 2007 ku Tankwa Karoo, magulu a anthu amamanga misasa yokhala ndi mutu wakewake, ndipo aliyense wodutsa amalowa n'kuchita nawo zimene zili mkatimo. Izi ndi zimene ndikufotokoza, koma ndi zipangizo zopezeka mu Lilongwe muno.

1. Yambani ndi eni festival

Musanagule ngakhale bawuti imodzi, alembereni okonza festival. Si onse amene amalola misasa yotere, ndipo malo ake amasiyana kwambiri. Lake of Stars, imene inayamba mu 2004 ku Chintheche, yakhala ikusinthasintha malo m'mbali mwa nyanja, pomwe Tumaini, imene inayamba mu 2014, imachitikira ku Dzaleka ku Dowa, pamalo pokhala anthu. Mchenga wa kunyanja ndi katondo wa ku Dowa safuna zikhomo zofanana.

Afunseni kukula kwa malo amene akupatseni, tsiku limene mungalowe kudzamanga, ngati galimoto imafika pafupi, ngati amalola jenereta, nthawi yozimitsira zoimba, ndiponso ngati pansi panadutsa mapaipi a madzi kapena mawaya a magetsi. Ngati mudzaika sipika, funsaninso ngati chiphaso chawo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, chikukhudza msasa wanu. Dome ya 6 m imafuna malo osachepera 10 m mbali zonse chifukwa cha zingwe. Mayankho onsewa akhale olembedwa, chifukwa mlonda wa pageti sadzadziwa zimene munagwirizana pa foni ndi abwana ake.

2. Sankhani chochita, mutu ubwere pambuyo

Magulu ambiri amasochera apa. Amakumana, n'kugwirizana kuti mutu wathu ndi "Mlengalenga" kapena "Africa", basi mawa lake athamangira kukagula nsalu. Mapeto ake ndi tenti yokongola imene anthu amangosuzumira, kudzijambula pakhomo, n'kumapita.

Funso loyamba likhale ili: mlendo akalowa, manja ake agwira chiyani mphindi yoyamba popanda wina kumufotokozera? Ngati yankho ndi loti palibe, azingoona, ndiye kuti mwakonza malo ojambulirapo zithunzi. Chochitacho chikhale chosavuta moti woledzera pang'ono ndi mwana wa zaka 7 onse achimve, chitenge mphindi zosakwana 10, ndipo chisiye kanthu m'domemo kuti pofika Lamulungu ikhale yosiyana ndi mmene inalili Lachisanu.

Chitsanzo chimodzi chimene ndimachikonda ndi cha "Pansi pa Nyanja". Mkati monse nsalu za buluu. Pakhomo pali dengu la tinsomba todulidwa kuchokera m'makatoni kapena m'mabotolo a pulasitiki, pambali pake penti ndi timaburashi. Wolowa aliyense amapenta nsomba yake, mbuna ya mizeremizere kapena chambo, n'kulemba kumbuyo kwake mudzi wa kwawo, kenaka n'kuipachika. Usiku mumayatsa tinyali tochepa m'mwamba, mofanana ndi nyali za asodzi a usipa zikamaoneka patali. Tsiku loyamba nsomba zimakhala zowerengeka, lomaliza munthu amayenda chowerama. Anthu amabweranso ndi anzawo kudzawaonetsa nsomba yawo, ndipo kubweranso kumeneko ndi kumene mukufuna.

Bawo nayo imagwira ntchito bwino masana: mabolodi atatu, lililonse la maenje 32 ndi nkhomo 64, ndi munthu mmodzi wophunzitsa alendo. Madzulo mutha kuchita nthano. Wina akangoti "padangokhala", amene anakulira kuno amayankha okha kuti "tili tonse", ndipo azungu amatsatira pa ulendo wachiwiri. Konzani zinthu ziwiri, cha masana ndi cha usiku. Zitatu n'zambiri kale.

Chimodzi chokha ndikuletseni. Musatenge zigoba za Gule Wamkulu kapena kuvala ngati zilombo kuti zikhale zokongoletsera. Inde UNESCO inauzindikira mu 2005 ndipo alendo amaukonda, koma kuno ku Lilongwe, Dowa, Dedza ndi Mchinji ndi mwambo wamoyo wokhala ndi eni ake, ndipo ena mwa eni akewo ndi amene mudzawapemphe madzi ndi ganyu. Ngati mukuufuna gule, dzerani kwa mfumu.

3. Kukula kwake ndi masamu ake

Kwa gulu loyamba kumene, mangani mtundu umene amautcha 2V, wa 6 m m'mimba mwake. Pakati pamatalika 3 m, pansi pamakwana pafupifupi 28 m², ndipo anthu 20 amakhala pamphasa bwinobwino. Ubwino wa 2V ndi woti mapaipi ake ndi a misinkhu iwiri yokha:

Aatali ndi 35. Msinkhu wake ndi theka la m'mimba kuchulukitsa ndi 0.618, kutanthauza 1.854 m.

Aafupi ndi 30. Theka la m'mimba kuchulukitsa ndi 0.5465, kutanthauza 1.640 m.

Onse pamodzi 65, okumana pa mfundo 26. Mfundo ndi pamene mapaipi amalumikizana ndi bawuti imodzi. Mfundo 10 zapansi zimalandira mapaipi anayi, 6 zimalandira asanu, ndipo 10 zimalandira asanu ndi limodzi.

Chenjezo limene ndalibwereza mpaka mawu kusasa: miyezo imeneyi ndi yochokera pakati pa bowo kukafika pakati pa bowo linzake. Si msinkhu wodulira. Podula onjezerani 2.5 cm mbali iliyonse, ndiye aatali mudule 1.90 m, aafupi 1.69 m.

Khomo la dome ya 6 m ndi lalifupi, nsonga yake imalekeza pa 1.58 m, moti wamkulu amawerama. Mukafuna lolowa choimirira pitani pa 8 m, pomwe aatali ndi 2.472 m, aafupi 2.186 m, khomo 2.1 m. Koma dziwani kuti pamenepo mufunika paipi yonenepa, ndipo paipi imodzi ya kusitolo ikupatsani zidutswa ziwiri zokha m'malo mwa zitatu.

4. Kugula ndi kudula

Gulani paipi yachitsulo yozungulira ya 25 mm, yokhuthala 1.6 mm ngati thumba likulola. Masitolo a hardware a ku Malangalanga ndi ku Area 4 ndi poyambira pabwino. Yendani masitolo atatu musanatulutse ndalama, ndipo tengani tepi yanu, chifukwa paipi imene amati ndi ya 6 m nthawi zina imaperewera. Iliyonse imatulutsa zidutswa zitatu, choncho mufunika 12 za aatali ndi 10 za aafupi. Gulani 24 kuti mukhale ndi zapadera. Mabawuti a M10 otalika 80 mm gulani 35, aliyense ndi nati yake ndi mawashala awiri, chifukwa ena adzasowa mumchenga. Malisiti sungani, amathandiza pa rodibuloko.

Paipi ya PVC ya magetsi ija iwalani, dzuwa la Okutobala limaifewetsa ndipo imapinda. Nsungwi zimatheka pa dome yaing'ono ya 4 m, koma zikauma zimang'ambika mukaboola, ndiye zimafuna kulowetsedwa m'zidutswa za paipi yakuda ya madzi kuti bawuti idutse mu paipiyo. Ndi ntchito yambiri kuposa mmene imaonekera.

Owotcherera a ku Biwi kapena ku Mchesi ntchito iyi aitha, ngakhale palibe chowotcherera. Koma musangowasiyira pepala n'kumapita ku tauni. Khalani pomwepo mpaka mapaipi asanu oyamba atuluke, ndipo ndondomeko yake ikhale iyi. Adule. Aphwathalitse nsonga zonse ziwiri, pafupifupi 7 cm, ndi vayisi kapena hamala yaikulu. Nsonga ziwirizi ziphwathalale mbali imodzi, moti paipi ikagonekedwa pansi zonse zigone chafufumimba. Ikapotoka imodzi, paipiyo yatayika. Kenaka aboole, ndipo kuboola kubwere pambuyo pa kuphwathalitsa chifukwa chitsulo chimatalikirako chikamenyedwa.

Kuti mabowo afanane, pangani chikombole. Tengani thabwa lolimba, khomani bawuti mbali imodzi, yezani 1.854 m ndi 1.640 m kuchokera pakati pa bawutiyo n'kuika zizindikiro. Paipi iliyonse iboolidwe mbali imodzi, ikolekedwe pa bawutiyo, n'kuboolidwa mbali inayo pa chizindikiro. Mmisiri akati "bwana, ine ndimayeza ndi maso", musekereni koma musalole. Kusiyana kwa 1 cm pa paipi iliyonse kumadzaonekera pa mfundo yapamwamba penipeni, pamene mapaipi asanu akana kukumana inu muli pamakwerero.

Pomaliza apinde nsonga iliyonse pang'ono, madigiri 18 kwa aatali ndi 16 kwa aafupi. Akapinda onse pa 17 palibe chovuta. Makona akuthwa awasalaze ndi gilayinda kuti asadzang'ambe nsalu kapena dzanja. Pentani mapaipi onse kuti asachite dzimbiri, ndipo nsonga za aatali zikhale zofiira, za aafupi zabuluu.

5. Imikani koyesera muli mu Lilongwe

Masabata awiri festival isanafike, pemphani bwalo la tchalitchi kapena la sukulu n'kuimika dome yonse. Mufunika anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, masipanala a 17 awiriawiri, ndi makwerero oima okha. Apa mwambi wa mutu umodzi susenza denga ndi wa zenizeni.

Yalani ofiira 10 mozungulira. Pa mfundo iliyonse yapansi pakwere wofiira mmodzi ndi wabuluu mmodzi, mowasinthanitsa, kuti ofiira awiri akumane pamwamba, abuluu awiri akumane pamwamba, choncho mpaka kuzungulira. Nsonga zimenezi zilumikizeni ndi abuluu 10. Pamene panakumana abuluu pakwere wabuluu mmodzi, pamene panakumana ofiira pakwere ofiira awiri, ndipo atatuatatu amenewa akumane pa mfundo zisanu zam'mwamba. Mfundo zisanuzo zilumikizeni ndi ofiira 5, kenaka abuluu 5 otsala akumane pachindwi. Manati onse akhale omasuka mpaka paipi yomaliza italowa, ndiye muzungulire n'kumanga zolimba.

Musalole munthu kukwera kapena kulendewera pakati pa paipi. Chilichonse cholemera chipachikidwe pa mfundo.

6. Kumangirira pansi

Malangizo ambiri a pa intaneti amathera pa chithunzi cha chigoba chitaima, anthu akumwetulira. Za kumangirira amangoti khomani zikhomo. Chonsecho pamene anthu amavulalira ndi pomwepa.

Chigoba chopanda chofunda mphepo imangodutsamo. Mukachiveka lona kapena nsalu nkhani yasintha. Mphepo yodutsa pamwamba pa denga lozungulira imalikokera m'mwamba, ndipo ikalowera pakhomo imafufumitsa mkati n'kukankhanso kuchokera pansi. Dome yosamangirira bwino imanyamuka yathunthu, chitsulo cha pafupifupi 100 kg, n'kukatera pa matenti a anthu ogona. Mphamvu ya mphepo siikwera pang'onopang'ono. Liwiro lake likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake zikhomo zimene zinagwira bwinobwino Lachisanu zimatha kuzuka Loweruka.

Dziwani mphepo ya komwe mukupita. Kunyanja kuli mwera, wochokera kummwera, wamphamvu kwambiri nyengo yozizira koma amene amawombabe mu Sepitembala, ndipo amatha kuwomba masiku angapo osapuma. Kumtunda kuno kuli kamvuluvulu wa mu Okutobala, wobwera dzuwa lili paliwombo popanda kugogoda. Palinso chizimalupsa, mvula yoyamba ija yogwa dzinja lisanakhazikike, imene imatsogoza chimphepo. Khomo lanu lifulatire mphepo. Kunyanja liyang'ane kumpoto, ngakhale siteji ili kwina. Asodzi kapena alonda a pamalopo afunseni, amadziwa kuposa foni yanu.

Pa katondo wouma gwiritsani ntchito Y12, chitsulo cha 12 mm cha mizeremizere chimene amanga nyumba amaika mu konkire. Dulani zidutswa za 70 cm, mmisiri apinde nsonga imodzi ikhale ngowe. Mufunika 10 za mfundo zapansi ndi 5 za zingwe, komanso zina zapadera. Ngowe ikole paipi yapansi pafupi penipeni ndi mfundo, osati pakati pa paipi. Khomani chopendeka, china chopendekera mkati chotsatira chopendekera kunja, kuti dome ikafuna kukwera isazule zonse njira imodzi. Khomani mpaka ngowe itapanikiza paipi pansi. Dothi la mu Okutobala limalimba moti hamala imadumpha, ndiye thirani madzi pang'ono pamalo pa chikhomo chilichonse madzulo, mukhome m'mamawa. Musathire ambiri, chikhomo cha m'matope sichigwira.

Pa mchenga, monga ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, zikhomo n'zongodzinamiza nazo. Mwana atha kuzula ndi dzanja limodzi. Kumbani dzenje kunja kwa mfundo iliyonse yapansi, lakuya 70 cm kapena mpaka mutapeza mchenga wonyowa. Dzazani mchenga m'thumba la feteleza, limangeni pakamwa, lizengeni chingwe pamimba, ligonekeni m'dzenjemo, kwirirani n'kupondaponda, chingwe chitulukire pamwamba n'kumangidwa pa mfundo. Tayala lakutha kapena chipika chogonekedwa chopingasa chimagwiranso chimodzimodzi. Maenje 15 ndi ntchito ya theka la tsiku padzuwa la kunyanja. Apatseni ganyu anyamata a m'mudzimo, mtengo mugwirizane asanayambe, ndipo muwauziretu kuti adzabwerenso tsiku lofukula.

Kenaka zingwe. Kuchokera pa mfundo zisanu za mzere wachiwiri, zija panakumana ofiira, kokani chingwe kupita pa chikhomo kapena thumba lokwiriridwa 2 m kunja kwa dome. Abwino koposa ndi malamba okokera katundu pa lole, aja okhala ndi chogwirira chokokera. Mukasowa, chingwe cha nayiloni cha 10 mm. Chingwe cha khonje chimakhwepa. Malegeni, mphira zodulidwa ku chubu cha tayala zimene akabaza amamangira katundu, ndi abwino pomangira nsalu ku chigoba chifukwa amatamuka mphepo ikakankha, koma musadalire iwo pogwira dome yonse, dzuwa limawadula.

Chingwe chilichonse chimangeni tinsalu toyera, ndipo chikhomo chilichonse chotulukira pamwamba chivekeni botolo la pulasitiki. Usiku anthu amayenda opanda nsapato, maso ali kusiteji.

Ndondomeko yake musaisinthe: chigoba, zikhomo, zingwe, kenaka chofunda. Musanaveke, anthu atatu agwire mfundo imodzi yapansi n'kuyesa kuinyamula ndi mphamvu zawo zonse. Ikasuntha ngakhale pang'ono, konzani. Yesani zonse 10. Vekani chofunda m'mamawa mphepo isanadzuke.

Ndiye sankhani kapitawo wa mphepo tsiku lililonse. Ameneyu tsiku limenelo samwa. Amazungulira m'mawa ndi madzulo kukoka zingwe zokhwepa, amayenda ndi mpeni m'thumba, ndipo akaona kumwamba kwada kapena fumbi likubwera ali ndi mphamvu yotulutsa anthu onse ndi kudula malegeni kuti chofunda chigwe. Akatero wina asatsutse. Nsalu mudzasoka ina.

7. Chofunda ndi kutentha

Kuphimba dome yonse ndi lona ndi kulakwitsa kwachiwiri kofala. Pofika 10 koloko m'mawa mkati simukhalika. Denga lonse la dome ya 6 m ndi pafupifupi 56 m², koma simuyenera kutseka lonse. Pachindwi siyani potulukira mpweya wotentha, kapena ikanipo kachidutswa ka lona kokwezeka pang'ono. Pakati ikani neti ya mthunzi imene alimi amaika pa nazale, chifukwa imatchinga dzuwa koma mphepo imadutsa. Mzere wapansi ikani mphasa kapena mikeka yoti masana muzipinda, usiku n'kutsitsa. Ngati festival ili mu Juni kapena Julayi kuno ku Lilongwe, kumene usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, mudzayamika mphasazo. Lona isungeni pambali yopindidwa, ya mvula basi.

Makomo akhale awiri, lolowera ndi lothawira, onse pa makona atatu a mapaipi ofiira okhaokha. Paipi yapansi ya pakhomo anthu amapunthwapo. Mutha kuichotsa pokhapokha mfundo ziwiri za m'mbali mwake zakhomedwa zolimba, apo ayi ikwirireni ndi dothi. Mapaipi a m'mbali mwa khomo akulungeni siponji, chifukwa mitu idzagunda.

8. Kukongoletsa mkati

Zitenje ndiye zokongoletsera zathu, koma pali kanthu kamene telala ayenera kudziwa. Chitenje m'lifupi mwake chimangopitirira pang'ono mita imodzi, pomwe zigawo za makona atatu ndi zazitali 1.35 m ndi 1.6 m. Chilichonse chifuna kulumikiza. Dome ili ndi zigawo 40, 10 za mbali zofanana ndi 30 za mbali ziwiri zofanana. Mudulireni telala zikombole ziwiri za katoni, ndipo chigawo chilichonse achichepetse 5 cm mbali zonse n'kusokera timalupu m'makona, kuti mukakoka ndi malegeni chiwongoke. Nsalu yolendewera imaoneka ngati yoyanika.

Kuti ndalama isathe, pitani ku kaunjika wa ku Tsoka mukasankhe makatani ndi mashiti a pabedi a mtundu umodzi, zitenje zatsopano muziike pamene maso amafikira. Mitundu iwiri kapena itatu yakwana. Gulu lililonse limakhala ndi munthu wofuna kuika chilichonse chimene anapeza, ndipo pafunika wina womukaniza mwaulemu.

Pansi yalani lona yakale, pamwamba pake mphasa. M'mbali momwe denga latsika ikani mapilo ndi madengu osungiramo zinthu, pakati pakhale poyera. Zonyezimira zomwazika, nthenga, tizidutswa ta kaylite ndi mabaluni zisiyeni kunyumba, simudzatha kuzitola ndipo kunyanja zimathera m'madzi. Majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 analetsedwa m'dziko muno, musawasandutse maluwa.

9. Magetsi

Nyali za LED za 12 V ndi batire ya sola n'zokwanira. Werengani chonchi: batire ya 100 Ah imasunga pafupifupi 1,200 Wh, koma ya mtundu wakale ija, ya asidi, musaimwe kupitirira theka, ndiye muli ndi 600 Wh. Nyali zonse zikamadya 60 W, muli ndi maola 10. Mukalola anthu kutchaja mafoni, maolawo amatha msanga, ndipo dome imasanduka potchajira. Sankhani nokha.

Nyali ziloze nsalu, zisaloze maso a anthu. Mawaya adutse m'mwamba motsata mapaipi, ndipo pafupi ndi batire pakhale fyuzi. Batireyo ikhale m'bokosi lokhoma, lomangiriridwa ku chigoba ndi tcheni. Ngati mwabweretsa jenereta, ikhale kutali, kumene utsi wake sulowera m'dome kapena m'matenti, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo. Waya wa 230 V asakhudze chigoba chachitsulo. Makandulo, mbaula ndi nyali za palafini zisalowe n'komwe. Pakhomo lililonse pakhale ndowa ya mchenga, ndipo chozimitsira moto chimodzi chikhale poonekera.

10. Olandira alendo

Dome yopanda munthu mkati anthu amaopa kulowamo, amaganiza kuti ndi ya eni ake. Lembani ndandanda musananyamuke: anthu awiri pa maola awiri aliwonse, mmodzi pakhomo woitana kuti "takulandirani, lowani mupente nsomba", wina mkati wothandiza. Nthawi ya woimba wamkulu aliyense amafuna kukhala kusiteji, ndiye gwirizanani kuti nthawi imeneyo mudzatseka. Ikani chikwangwani cha maola otsegulira m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Ana a m'mudzi woyandikana adzabwera ambiri ngati malowo ndi otseguka. Apatseni nthawi yawo m'mawa, ndipo munthu wamkulu asakhale yekha ndi ana m'dome yotseka. Wofuna kujambula munthu ayambe wapempha.

Zandalama zikhale ndi msungichuma mmodzi. Zopereka zidzere pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo gawo lina lisungidwe la ulendo wobwerera. Magulu amaiwala kuti pikapu yobwerera nayo imamwa mafuta.

11. Kuphwasula

Yambani ndi chofunda, kenaka mutsike kuchokera pachindwi, zikhomo zikhale zomaliza. Werengani mokweza: ofiira 35, abuluu 30, mabawuti 26, zikhomo 15. Chikhomo chokanirira musachisiye. Lowetsani paipi mu ngowe yake, potozani uku ndi uku, chidzatuluka. Y12 yotsala m'dothi imadzaboola tayala kapena phazi la mwana miyezi ingapo inu mutapita. Matumba okwiriridwa afukuleni onse, maenje akwirireni. Mukamaliza imani mzere umodzi n'kuyenda pamalo ponse mukutola tizidutswa ta malegeni, mawaya ndi zotsekera mabotolo.

Mapaipi amangeni m'mitolo ya khumikhumi, mtundu ndi mtundu, amakwana bwino m'pikapu. Mabawuti alowe m'chigubu chokhala ndi oyilo pang'ono. Nsalu zichapidwe n'kuumitsidwa zisanapindidwe, apo ayi chaka chamawa mudzapeza nkhungu. Za komwe katunduyu azikasungidwa mugwirizane musanachoke ku Lilongwe, ndipo osungayo akhale ndi chipinda chosadontha komanso asakhale wa lendi amene akusamuka mu Disembala.